ZA GALIMOTO: PHUNZIRO LOYAMBA NDI KUTSEGULA BONETI

Anthu ambiri masiku ano akugula galimoto zogwirapo kale nchito zocokera ku Japan, zimene zimatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno kudzera pa Nakonde. Munthu amasunga ndalama zaka zambiri, kapena kutenga nkhongole, kuti apeze galimotoyo, ndipo amalimbikira kuphunzira kuyendetsa mpaka atalandira laisensi. Koma laisensi imangocitira umboni kuti munthu amadziwa kugwira ciongolero. Siinena kanthu za zimene ziri pansi pa boneti. Akuluakulu anati walira mvula walira matope: wogula galimoto wagulanso udindo woisamalira.

Wophunzira watsopano asathamangire kumasula injini. Nchito yake yoyamba ndiyo kuyang'ana zinthu zisanu: oilo, madzi, mafuta a mabuleki, matayala ndi batire. Zimenezi sizitha mphindi zoposa 15, ndipo ziyenera kucitika kamodzi pa mlungu ndiponso asanayambe ulendo wautali.

Oilo ndiye amaletsa zitsulo za m'injini kukhulana ndi kupsa. Pomupima, galimoto iime pamalo olingana, injini itazimitsidwa kwa mphindi zingapo. Mwini galimoto asolole kacitsulo kopimira, kamene kawirikawiri kamakhala ndi cogwirira cacikasu, akapukute ndi nsanza, akabwezere mpaka kumapeto ndi kukasololanso. Oilo ayenera kulekezera pakati pa zizindikiro ziwiri zimene ziri kunsonga kwake. Ngati akuoneka ngati tiyi wothira mkaka, ndiye kuti madzi alowamo, ndipo galimotoyo ifunika makanika isanayendenso. Kanyali kofiira ka oilo kakayaka pa ulendo, woyendetsa aime pambali pa mseu ndi kuzimitsa injini pomwepo. Kunena kuti kwatsala pang'ono kufika kunyumba ndiko kwaphetsa mainjini ambiri.

Nkhani ya madzi imamveka bwino kwa amene amayenda mu mseu wa Great East, umene uli makilomita pafupifupi 570 kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata. Kupitirira Rufunsa mseuwu umalowa m'mapiri a Manenekela, nutsikira ku ulalo wa Luangwa, kenaka nukweranso kulinga ku Kacholola ndi Nyimba. M'mwezi wa October, pamene cigwa ca Luangwa catentha koopsa, galimoto yolemedwa ndi anthu ndi matumba imayesedwa kwenikweni pa zikweza zimenezi. Paipi yong'aluka kapena madzi operewera, zimene m'tauni sizinaoneke ngati bvuto, kumeneko zimawiritsa injini, kutali ndi galaja.

Madzi apimidwe m'mawa injini ikali yozizira, poyang'ana mizere iwiri ya pa kabotolo kamene kali pafupi ndi rediyeta. Muvi wosonyeza kutentha ukafika pofiira, woyendetsa aime ndi kudikira mpaka injini izizire. Asayese konse kutsegula citsekero ca rediyeta yotentha, cifukwa madzi ali m'katimo ndi opanikizika ndipo amatentha kuposa madigiri 100. Citsekero cikangomasuka amatumphuka ndi kuwaula nkhope ndi manja. Ndiponso madzi a m'zitsime za ku Lusaka ali ndi laimu wambiri, monga aliyense amaonera m'ketulo, ndipo laimuyo amatseka timipata ta rediyeta. Ndi cifukwa cake m'pofunika kuthira coolant, amene amaletsanso dzimbiri.

Mapiri omwewo ndiwo amayesanso mabuleki. Kabotolo ka mafuta a mabuleki kali pansi pa boneti, kumbali ya woyendetsa. Mafutawo akamatsika msanga, pali pena pamene pakudontha, ndipo kungoonjezera ena ndi kubisa matenda. Potsika phiri lalitali, wopondereza mabuleki njira yonse amawatenthetsa mpaka aleke kugwira. Woyendetsa wanzeru amatsika ndi giya yaing'ono kuti injini ithandize kucepetsa liwiro, ndipo galimoto zambiri za automatic ziri ndi 2 kapena L pa nchito yomweyo.

Matayala sapimidwa ndi maso kapena ndi cidendene. Mpweya woyenera unalembedwa pa kapepala komatidwa pa mphuthu ya citseko ca woyendetsa, ndipo upimidwe matayala asanatenthe ndi ulendo. Tayala limene mizere yake yatsala yosakwana mamilimita 1.6 latha nchito, ndipo pa mvula limatsetsereka. Ogula matayala ogwirapo kale nchito awerenge manambala anai a pambali pa tayala: 2319 atanthauza kuti linapangidwa mlungu wa 23 m'caka ca 2019. Tayala lokalamba limauma ndi kung'aluka ngakhale mizere yake ioneke yabwino. Tayala lapadera lipimidwenso. Galimoto zambiri za ku Japan zimabwera ndi kakang'ono, kamene sikayenera kuthamangitsidwa kuposa makilomita 80 pa ola.

Kusintha tayala kuphunziridwe pakhomo masana, bvuto lisanagwe. Galimoto imangidwe ndi handibuleki, miyala iikidwe ku matayala otsalawo, ndipo manati ayambe amasulidwa pang'ono tayala likali pansi, jeke isanakwezedwe. Munthu asalowe konse pansi pa galimoto imene yangokhala pa jeke yokha. Ikafa pa mseu, aike zizindikiro ziwiri zofiira za ngondya zitatu, cina kutsogolo cina kumbuyo. Nthambi za mitengo zimene ambiri amatchola siziwala usiku.

Batire yodzala bwino imasonyeza mavoti pafupifupi 12.6 injini itazima. Nthawi zambiri galimoto ikakana kulira m'mawa, cifukwa cake ndi ufa woyera umene wamera pa mitu ya batire, kapena zomangira zolendewera. Poicotsa, nthambo ya cizindikiro ca kucotsera ndiyo iyambe kumasulidwa, ndipo pobwezera ikhale yotsiriza, kuopa kuti sipanala ingathethetse moto.

Wophunzira adziwenso polekezera. Kukonza mabuleki, ciongolero ndi giyabokosi ndi nchito ya amakanika ophunzira. Mu galimoto za hybrid, monga Toyota Aqua ndi Prius, nthambo za mtundu wa lalanje zimanyamula magetsi amphamvu amene angathe kupha munthu, ndipo zisakhudzidwe. Komabe mwini galimoto wodziwa zinthu zisanu zija amafika kwa makanika akudziwa cofotokoza, ndipo nkobvuta kumugulitsa cipangizo cimene sicinaonongeke. Safunsa anadya phula. Aimirire pafupi pamene galimoto yake ikukonzedwa, afunse dzina la cinthu ciriconse cosinthidwa, ndipo apemphe kuona cakaleco.

Pomaliza, m'galimoto mukhale kabuku kolembamo tsiku ndi makilomita amene oilo, zosefera ndi malamba zinasinthidwa. Mayeso a RTSA oona ngati galimoto iri yoyenera kuyenda pa mseu amabwera kamodzi kamodzi, koma ana opita ku sukulu, odwala opita ku cipatala ndi abale opita ku maliro amakwera galimotoyo masiku onse a caka. Pa masiku amenewo woiyesa ndi mwini wake.