Bokosi la Mafilimu Likadali M'njira

Mwezi uno, awerengi okondedwa, mundikhululukire, pakuti nkhani ya njovu zimene zikutha minda kuno ku Luangwa ndayamba ndaiika pambali. Mtima wanga uli pa bokosi. Mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anandiimbira foni masabata atatu apitawo, nati: "Amalume, ndakupezerani aja munkatisimbira tili ana. Ndi bokosi lathunthu la ma DVD, za makauboyi ndi za nkhondo, zakalekale zokhazokha." Anayamba kutchula maina, ine ndikulemba kuseri kwa kalendala: Stagecoach, High Noon, Shane, The Searchers, The Magnificent Seven, The Bridge on the River Kwai, The Longest Day, The Great Escape. Bokosilo linafika kale ku Lusaka, ndipo likungodikira munthu wodalirika wobwera kuno. Chiyambire tsiku limenelo, minibasi iliyonse yochokera ku mlatho wa Luangwa ikaliza hutala pa boma, ine khosi tolotolo ngati mwana amene amake apita kumsika. Akazi anga akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndawayankha kuti munthu wa zaka 75 alibe masiku ambiri odikirira nkhono.

Kuti muimvetse misala imeneyi muyenera kudziwa kumene ndinakulira. Bambo anga, monga amuna ambiri a m'chigwa chino, anapita kumigodi, motero ubwana wanga unathera m'komboni ya mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya. Kumeneko kanema tinkamutcha baisikopo. Ankaonetsa panja dzuwa litalowa, khamu la anthu litadzaza bwalo, ife ana tili kutsogolo m'fumbi. Chingerezi cha m'mphuno cha ku America panalibe amene ankachimva, ndipo ngakhale akanachimva, phokoso lathu silikanamulola. Kauboyi aliyense wolimba mtima tinkangomutcha Jack. Akhale John Wayne, akhale wina, kwa ife anali Jack basi. Mayi wina wa ku America wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, ndipo m'buku lake lotchedwa Copper Town, la mu 1962, anasimba za Jack ameneyu ndi momwe anthu ankamuchemerera. Pa nthawi imeneyo ine ndinali wamng'ono kwambiri, koma patapita zaka zochepa ndinali mmodzi wa okuwa aja. Kukacha tinkasema mfuti za mitengo, n'kuika ndodo pakati pa miyendo kuti ikhale hatchi, ndipo amayi ankachita kutisaka ndi chikoti kuti tikatunge madzi.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti boma la atsamunda linali ndi bungwe loyamba laona filimu iliyonse isanaonetsedwe kwa anthu akuda, ndi kudulamo zonse zimene linkaganiza kuti zingatisokoneze mitu. N'chifukwa chake nkhani zija zinkadumphadumpha: munthu ali pa hatchi akuseka, kuphethira kamodzi wagona kale pansi, osadziwa chamugwetsa. Tsono chifukwa chimodzi chimene ndikuliyembekezera bokosili ndi chimenechi. Papita zaka zoposa 60, ndipo ndikufuna ndione nkhani zathunthu, zopanda lumo la atsamunda.

Komabe m'nsima imeneyi muli kamchenga. Mdzukulu wanga wa giredi 6 ataona maina aja pa kalendala anandifunsa kuti: "Ambuya, m'mafilimu amenewa oipa ndi ati?" Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe monga ndikanayankhira mu 1960, koma mawu anakanirira pakhosi. Kwa ife ana a m'komboni, oipa anali aja ovala nthenga kumutu, otsika m'mapiri akukuwa. Mu Stagecoach, imene John Ford anapanga mu 1939 ndi kutchukitsa nayo John Wayne, ngolo ya apaulendo imathamangitsidwa ndi ankhondo a mtundu wa Apache, anthu a Geronimo, ndipo zinthu zikafika pothina lipenga la asilikali a boma limalira. Lipenga lotere likamveka, komboni yonse inkaimirira. Panalibe ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti kodi dzikolo linali la yani. Geronimo anali munthu weniweni. Anagonja mu 1886, namwalira mu 1909 akadali m'manja mwa boma la America, osaloledwa kubwerera kwawo. Patangopita zaka 12 iye atagonja, mu 1898, Angoni a Mpezeni kum'mawa kwa dziko lathu lino anagonjetsedwa ndi mfuti za azungu, Nsingo mwana wa mfumu anawomberedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Amene munapitako ku Nc'wala mukudziwa chimene Angoni amavala kumutu. Ife tinkawombera m'manja lipenga, osazindikira kuti tikanalowa m'chinsalu chija, malo athu akanakhala pakati pa ovala nthenga.

Sindikunena kuti filimuyo ndi yachabe, ayi. Mu 1995, pokumbukira zaka 100 za kanema, ku Vatican anatulutsa mndandanda wa mafilimu 45 ofunika, ndipo Stagecoach ilimo chifukwa cha luso lake. Ford yemweyo, mu The Searchers ya mu 1956, anaonetsa John Wayne ali munthu amene chidani pa anthu a mtundu wa Comanche chamudya mtima, mpaka kufuna kupha mwana wa m'bale wake chifukwa choti wakulira pakati pawo. Jack wa mtundu umenewo tili ana sitikanamumvetsa.

Imene ndikuganiza kuti idzalasa mitima kuno ndi The Magnificent Seven ya mu 1960. Ndi nkhani ya alimi a m'kamudzi ka ku Mexico, amene nthawi zonse akakolola, gulu la achifwamba limabwera kudzatuta nkhokwe zawo, kufikira atatopa n'kupita kukalemba ganyu amuna asanu ndi awiri odziwa mfuti. M'chigwa chino nkhani yotere siifuna womasulira. Cha m'ma 1870 ndi 1880, kuzungulira Zumbo ndi Feira, kunali Kanyemba ndi Matakenya, amuna a mfuti zambiri ndi magulu awo a Achikunda, osaka minyanga ya njovu ndi akapolo, ndipo midzi yambiri inkangosankha pakati pa kupereka msonkho ndi kuthawira kumapiri. Dzina la Kanyemba likadalipo tsidya la Zambezi, ku Zimbabwe. Lero tinakwatirana, tinasakanizika. Chidzukulu cha wogwira mfuti ndi cha wothawa zimadyera mbale imodzi, ndipo kawirikawiri magazi onse awiri ali m'thupi la munthu mmodzi. Funso la mdzukulu wanga likafika pamenepa, ndiye kuti tidzagona mochedwa.

Za nkhondo ndiye zovuta koposa. Dandaulo langa loyamba ndi lakale. The Longest Day, ya mu 1962, imaonetsa tsiku la 6 June 1944 pamene asilikali anatsika pa gombe la Normandy ku France. The Bridge on the River Kwai, ya mu 1957, imaonetsa akaidi achingerezi akumangira Ajapani mlatho pa njanji yopita ku Burma. Zonsezi n'zopangidwa mwaluso ndithu. Koma asikari athu mudzawasaka ndi nyali osawapeza, pamene a Northern Rhodesia Regiment anamenya nkhondo yomweyo ku Tug Argan ku Somaliland mu 1940, ndiponso m'nkhalango za ku Burma mu 1944 ndi 1945. Mbiri yawo inatsalira pa zikwangwani: Arakan Barracks ndi Burma Road ku Lusaka, Chindwin ku Kabwe, Kalewa ndi Tug Argan ku Ndola, Gondar ku Chipata. Achinyamata amadutsa pa maina amenewa tsiku ndi tsiku akuganiza kuti ndi maina a azungu ena, osadziwa kuti ndi malo kumene agogo awo anasiya anzawo.

Dandaulo lachiwiri si langa, ndi la akazi anga. Pa 6 March 1978 asilikali a Ian Smith anawoloka Zambezi ndi ndege ndi mahelikopita, naukira msasa wa ZIPRA, gulu la Joshua Nkomo, ku Kavalamanja m'boma lathu lino. Kunafa omenyera ufulu a ku Zimbabwe, kunafa asilikali a Zambia, ndipo mpaka lero mwezi wa March kumakhala mwambo wowakumbukira. Ine nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi wachinyamata pa sukulu ina kutali ndi kumeneko. Akazi anga anali kwa amayi awo, m'mudzi wa kufupi ndi mtsinje, ali ndi mwana wathu woyamba wa miyezi inayi. Anathawa mwana ali kumbuyo, opanda ngakhale chikho, nagona m'tchire masiku atatu mvula ikuwathera pathupi, atatseka pakamwa pa mwana ndi bere kuti asalire. Masiku atatu amenewo ine sindinadziwe ngati ndikadali ndi banja. Nkhondoyo itatha, kwa zaka zambiri anthu ankaopabe kuponda njira zina chifukwa cha mabomba okwirira. Kenaka m'zaka za m'ma 1980 tinalandira abale a ku Mozambique othawa nkhondo ya kwawo, imene inatha ndi pangano la mtendere losainidwa ku Rome pa 4 October 1992.

Nditawawerengera maina a pa kalendala aja, akazi anga anakhala chete akusankha mpunga. Kenaka anati: "Bambo, nkhondo ya m'kanema ili ndi nyimbo. Ija tinaona ife inalibe nyimbo." Ndinasowa choyankha, chifukwa akunena zoona. Aliyense amene anaonapo filimu ya Kwai chimene amakumbukira ndi likhweru la akaidi akuguba, ndipo wotuluka mu The Great Escape amatuluka akung'ung'udza nyimbo yake, ngakhale kuti mwa akaidi 76 amene anathawadi m'ndende ija mu 1944, okwana 50 anagwidwa n'kuwomberedwa. Anapitiriza kuti: "Mukadzaika za ndege, ine mudzandipeza kukhitchini."

Kunena zoona, usiku umenewo ndinaganiza zomuimbira mwana uja kuti bokosilo alisiye ku Lusaka konko. Chimene chinandibweza ndi adzukulu. Pa mafoni a akulu awo amaona kale zoopsa kuposa zimenezi, aliyense payekha pakona pake, popanda wamkulu womufunsa kuti waonanji. Ifenso pa baisikopo tinalibe wotifunsa. Makina ankangozungulira, lipenga n'kulira, ife n'kukuwa, n'kupita kukagona. Koma DVD imaima ukaiimitsa. Pamene ovala nthenga akutsika m'phiri, ndingathe kuimitsa n'kusimba za Nsingo. Pamene akaidi akuguba ndi likhweru, ndingathe kuimitsa n'kunena kuti pa njanji imeneyo amene anafa ochuluka koposa anali anthu wamba a ku Asia ogwira thangata, amene filimuyo siiwalabadira kwenikweni. Ndipo ngati ambuya awo aakazi angafune, angathe kusimba okha za masiku atatu aja, pakuti ana amenewa sanamvepo kuti atate awo aakulu anapulumuka ali kumbuyo.

Tinakambirana mpaka tiyi kuzizira, ndipo tinapangana motere: rimoti idzakhala m'manja mwa akazi anga. Akati ima, filimu idzaima. Akati basi, tidzazimitsa, ngakhale Jack akhale ali m'malere.

Makina a DVD ndawapukuta fumbi, batire la sola ladzaza, mipando ya pakhonde ndakhomerera miyendo. Yoyamba kuonera tasankha High Noon ya mu 1952, chifukwa mfuti zimalira pang'ono, kumapeto kokha. Ndi nkhani ya kudikira. Gary Cooper ndi mkulu wa apolisi wa m'katauni kena, wangokwatira m'mawa womwewo, ndipo wamva kuti chigawenga chimene anachimangitsa chikubwera pa sitima ya 12 koloko kudzabwezera. Amayenda khomo ndi khomo kupempha thandizo, amalowa ngakhale m'tchalitchi mapemphero ali mkati, koma aliyense ali ndi chifukwa chake chokanira, koloko ikungoyenda. Mkwatibwi wake, Grace Kelly, ndi mkazi wodana ndi mfuti chifukwa bambo ake ndi mlongo wake anafa nazo, ndipo akumuuza mwamunayo kuti akapanda kuthawa naye, iye akwera sitima yomweyo yekha.

Akazi anga atamva zimenezi anati imeneyo adzaonera mpaka kumapeto, chifukwa mtsikanayo ali ndi nzeru. Chimene mtsikanayo amachita sitima ija itafika, sindinawauze.