Luso la CNC lili pa YouTube, nanga makina ali kuti?

Bandulo yomwe ambirife timathera pa TikTok usiku umodzi, anzathu ena akuphunzirira luso lomwe kale linkapezeka ku koleji kokha: kujambula zipangizo pa kompyuta, komwe amati CAD, ndi kuzisema pa makina a CNC.

Zimayenda chonchi. Umajambula chinthu, kaya ndi giya kaya chitseko cha maluwa, ndi miyeso yake yeniyeni mpaka kachigawo ka milimita. Kenako pulogalamu imasandutsa chojambulacho kukhala malamulo otchedwa G-code. Mwachitsanzo, G00 imauza mpeni wa makina kuti uthamange osadula kanthu, pomwe G01 imati dula molunjika. Makina amangotsatira, ndipo ukafuna zidutswa 100, zonse zimatuluka zofanana ndendende.

Chitseko cholowera m'lusoli chatseguka kale. FreeCAD ndi yaulere, ndipo mtundu wake wa 1.0 udatuluka mu November 2024. Autodesk imalola ophunzira kugwiritsa ntchito Fusion osalipira. A Titans of CNC a ku America nawo ali ndi maphunziro aulere a pa kanema, kuyambira poyambirira penipeni.

Nkhaniyi ikutikhudza bwanji? Chigayo chikhoza kuima masabata chifukwa cha kachitsulo kamodzi kochokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zinthu zoitanitsa kunja zidakwera mtengo, ndalama zakunja nazo n'zosowa. Mnyamata kapena mtsikana wotha kuyeza kachitsuloko, kukajambula n'kukasema konkuno ndiye kuti ntchito waipeza kale.

Koma tisanamizane. Kanema amaphunzitsa maso, saphunzitsa manja. Poyamba, foni payokha siikwanira, mapulogalamuwa amafuna laputopu yamphamvuko. Chachiwiri, kujambula ndi theka chabe. Aluminiyamu ndi chitsulo cholimba sizidulidwa pa liwiro limodzi. Ukathamangitsa, mpeni umathyoka, ndipo mipeniyo ndi yakunjanso. Ukapanda kumanga bwino chitsulo, chikhoza kufwamphuka n'kuvulaza munthu. Amisiri ozolowera amamva ndi khutu kuti mpeni wayamba kuvutika, ndipo khutu limeneli sulipeza pa YouTube. Onjezeraniponso kuzimazima kwa magetsi, komwe kungaononge ntchito ili pakati.

Apa ndi pomwe ndikuona kuti TEVETA ndi masukulu monga MUBAS, Soche ndi Lilongwe Technical ali ndi mbali yawo. Sukulu iliyonse yomwe ili ndi makina oterewa itamatsegula Loweruka kwa odziphunzitsa okha, pa mtengo wochepa komanso mphunzitsi ali pambali, phindu lingakhale lalikulu. TEVETA ili kale ndi njira yoyesa ndi kupereka satifiketi kwa amene adaphunzira luso kunja kwa kalasi. Njira imeneyi ifikirenso mbadwo wa pa intaneti, chifukwa bwana sangakupatse makina a mamiliyoni poti wangoti "ndidaonera kanema".

Kwa inu anzanga, musadikire zonsezi. Sankhani pulogalamu imodzi, osati lero iyi mawa ina. Tsitsani makanema pomwe mwapeza Wi-Fi. Pezani vernier, yezani chinthu chenicheni, ngakhale nati ya njinga, muchijambule. Mukatero pitani nacho kwa mmisiri wa lathe akuuzeni pomwe mwaphonya. Ameneyo sadziwa FreeCAD mwina, koma chitsulo amachidziwa, ndipo awirinu mukufunana.