Kutsogolo kwa siteji n'kwa ndani?

Pa shoo ya dancehall kapena hip hop muno mu Zomba pamakhala malo amodzi omwe tikiti siigula. Ndi kutsogolo kwenikweni kwa siteji, pomwe masipika amagunda pachifuwa ndipo woyimba amatha kukugwira dzanja. Cha m'ma 8 koloko usiku pamakhala anthu osakanikirana. Ikamakwana 12 mukayang'anenso: anyamata okhaokha, adzitho, malaya ali m'manja. Atsikana abwerera m'mbuyo, ena aima m'mbali atakumbatira zikwama, ena ali kale pa kabaza kubwerera ku Chikanda. Komatu pageti onsewa alipira ndalama yofanana.

Ine kukankhana sindidana nako. Nyimbo ikafika pokoma thupi limafuna kulumpha, ndipo munthu amene wakhalira ma assignment sabata yonse, ya upkeep isanalowe, ali ndi ufulu wotulutsa thukuta. Chondinyansa ndi zomwe zimabisala m'chipwirikiticho: dzanja lolowa m'siketi, chigongono chomenya dala, botolo louluka. Wochita izi amadziwa kuti mumdima ndi m'chinamtindi cha anthu palibe angamuloze. Mtsikana akadandaula, yankho lake tonse timalidziwa: "Nanga iwe umakatani kutsogoloko?"

Vutoli ena anakumana nalo kale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, mumzinda wa Washington ku America munatchuka nyimbo zotchedwa hardcore punk, za magitala aphokoso ndi ng'oma zothamanga, zina zosakwana n'komwe mphindi ziwiri. Limodzi mwa magulu oyambitsa, Bad Brains, linali la anyamata akuda achirasta omwe ankasakaniza punk ndi reggae, choncho inu okonda Mablacks musamati izi ndi za azungu okhaokha. Kavinidwe kake kanali kowombana matupi dala. Eni ake ankati nyimbozi ndi za aliyense amene dziko lamutaya, koma sipanapite nthawi kutsogolo kunadzaza amuna amphamvu. Akazi ndi anthu a matupi ang'onoang'ono anachoka okha, popanda wowauza kuti chokani.

Anasintha zinthu ndi amene anagwira maikolofoni. Gulu la Fugazi, lomwe Ian MacKaye ndi anzake anayambitsa mu 1987, linkaimitsa nyimbo pakati likaona wina akuvulaza anzake. MacKaye ankamulankhula munthuyo pamaso pa onse, ndipo akachita makani ankamubwezera madola asanu ake a pageti kuti azipita. Kathleen Hanna wa gulu la Bikini Kill, m'zaka za m'ma 1990, ankaitana atsikana kuti abwere kutsogolo, anyamata asunthire m'mbuyo. Anatukwanidwa kwambiri chifukwa cha zimenezi, ena ankati akuwononga shoo. Koma atsikana omwe ankaonera ali kukhoma anafika pafupi ndi siteji, ndipo ambiri anakayambitsa magulu awo.

Kuno kwathu mankhwala omwe okonza mashoo amawadziwa ndi amodzi: kukweza mtengo ndi kumanga chingwe cha VIP. Ife ophunzira timawombera m'manja, chifukwa timakonda kukhulupirira kuti osokoneza ndi "a m'tauni", anyamata a ku Chinamwali kapena ku Matawale omwe alowa ndi ndalama ya ganyu. Tisanamizane. Dzanja lija nthawi zambiri mwini wake ali ndi ID ya sukulu m'thumba, ndipo Lolemba amadzakhala pambali pako m'kalasi n'kumafotokoza bwino za ufulu wa amayi. Mtengo ukakwera amene amatsala kunja ndi wosauka, wankhanza wandalama amalowa ndithu. A Fugazi aja ankaumirira tikiti yotsika mtengo komanso kulola anthu a misinkhu yonse. Ku Dzaleka, Tumaini Festival yomwe Menes la Plume anayambitsa mu 2014 salipiritsa pakhomo, ndipo anthu amapitako ndi ana omwe.

Funso lija lakuti umakatani kutsogolo lili ndi mbiri yake m'dziko muno. Lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo linachoka pomwe ulamuliro wa chipani chimodzi unkatha. Koma mu Januwale 2012 amayi anavulidwabe m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha zovala zomwezo. Lero tili ndi Gender Equality Act ya 2013, yomwe imati kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana ndi mlandu, ndipo chilango chake chimafika zaka zisanu m'ndende. Lamulo limeneli silitha mphamvu DJ akakweza nyimbo. Chovuta n'chakuti mumdima muja wogwiridwa sadziwa n'komwe nkhope yokasumira.

Amene amaona bwino ndi amene waima pamwamba. Woyimba pasiteji amaona pomwe anthu atseguka bwalo, pomwe wina wagwa, pomwe mtsikana akulimbana kuti atuluke. Ma bouncer amakhala atatchera maso pageti ndi pa chingwe cha VIP, ndipo sindikumbuka shoo yomwe ndinaonapo mayi pakati pawo. Okonza atha kulemba ntchito amayi awiri atatu, kuyatsa getsi limodzi loloza kwa anthu, ndi kugulitsa zakumwa m'makapu apulasitiki. Zonsezi n'zotchipa kuposa tenti ya VIP.

Kuimitsa nyimbo oyimba athu amakudziwa kale. Amaiimitsa DJ akasokoneza, amaiimitsa kuti ayambirenso anthu akakuwa kwambiri, amaiimitsa pofuna kupereka moni kwa abwana omwe athandiza ndi ndalama. Masekondi makumi atatu omwewo ndi okwanira kuloza munthu, kumuuza kuti achotse dzanja, ndi kudikira mpaka atatuluka. Ena adzakuwiza, ndikudziwa, ndipo mwina botolo lidzaulukira kusiteji komweko. Komabe pa shoo ikubwerayi ndikufuna ndione woyimba mmodzi yekha akuiimitsa chifukwa cha mtsikana wa pamzere wachitatu.