ZA AMISIRI: Nthawi ya Valavu pa Injini Yodya Lawi

Mwa tiinjini tonse timene amisiri amapanga pa nyumba, kovuta kudzutsa ndi kaja kodya lawi la moto. Ambiri amasula zitsulo zake mwaluso, koma kainjini kamakana kuyenda. Kawirikawiri mlandu umakhala pa nthawi imene valavu itseka ndi kutseguka.

Pisitoni ikamatuluka, imakokera mpweya wotentha wa lawi la sipiliti m'kati mwa silinda. Valavu ikatseka, mpweyawo umazizira pokhudza citsulo, nucepa mphamvu. Pamenepo mpweya wa kunja umakankha pisitoni kuti ibwerere. Mpweya wa kunja womwewu ndiwo unali kuyendetsa injini ya nthunzi ya Thomas Newcomen, imene inayamba kupopa madzi pa mgodi wa malasha ku England m'caka ca 1712.

Mphamvu imeneyi ndi yocepa. M'mbali mwa nyanja ya mcere, mpweya umakanikiza ndi kulemera kwa kilogalamu imodzi pa malo a sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi, ndipo kainjini kamalandirako gawo cabe. Ku malo okwera monga Lusaka, pafupifupi mamita 1,300, mphamvuyo imatsikanso ndi limodzi mwa magawo asanu ndi awiri. Cotero palibe yotaya.

Valavu ikafulumira kutseka, mpweya wotentha umalowa pang'ono, ndipo gudumu lolemera limavutika kumaliza ulendo wa pisitoni. Ikacedwa, mpweya umazizira khomo lili pululu, wina nulowa kudzadza malo. Nthawi yabwino ndi pamene pisitoni yatsala pang'ono kufika kumapeto a ulendo wotuluka.

Kutseguka nakonso kuli ndi nthawi yake. Pobwerera pisitoni, mpweya wa m'kati umadzafanana mphamvu ndi wa kunja. Apo valavu iyenera kutseguka kuti mpweya wakale utuluke, apo ayi pisitoni idzaupanikiza ndi kuima.

Mmisiri wanzeru samangiratu kamu yokankha valavu. Amaigwiritsa ndi kasikuluu, nalemba madigiri 360 pa gudumu, ndi kumaisuntha madigiri owerengeka pa kuyesa kulikonse, osakhudza cina. Asanayese amayamba wafunditsa silinda, pakuti lawi la sipiliti limasiya cinyezi pa citsulo cozizira. Mafuta olimba amagwira pisitoni. Ufa wa mtima wa pensulo ndiwo woyenera. Kamu ikafika pa malo ake, kainjini kamadziwitsa kokha ndi kulira kwake kwa phu-phu-phu kosadukiza.