Injini zolira usiku wonse: mlandu ndi wa dalaivala kapena wa mzere?

Aliyense wocoka ku Chanyanya m'mamawa ndi nsomba kapena ndiwo zamasamba kukagulitsa ku Kafue alidziwa fungo limene limamulandira akangofika pa mseu waukulu. Ndi utsi wa dizilo wa mathiraki amene aima koma injini zikali kulira. Tauni yathu ili pakhosi peni-peni pa njira. Katundu wolowera pa Chirundu ndi wolowera pa Kazungula akumana pa Turnpike, naoloka mtsinje wa Kafue kupita ku Lusaka, ku Copperbelt mpaka ku Kasumbalesa, ndipo mkuwa utsika njira yomweyo. Motero nkhani yozima injini thiraki ikaima ndi yathu, ngakhale ambiri a ife sitinagwirepo ciongolero.

Thiraki yaikulu ikamalira pamalo amodzi imamwa pafupi-fupi malita 3 pa ola. Usiku wa maola 10 ndiye malita 30 amene sanasunthe katundu ngakhale phazi limodzi, ndipo mathiraki 100 pa mzere angaoche malita 3,000 tambala asanalire. Dizilo ameneyu timagula kunja ndi madola. Kucokera pamene boma linacotsa thandizo pa mtengo wa mafuta mu December 2021, dontho lililonse lotayika limakathera pa mtengo wa feteleza, sopo ndi mcere.

Utsiwo suli fungo cabe. Mu 2012 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa khansa ya m'mapapo. Kuyambira 2023 paipi ya TAZAMA ibweretsa dizilo wa salufa wocepa, ndipo tiyamikira, koma injini yokalamba ifukabe mwaye. Amene aupuma koposa si mwini thiraki wokhala m'ofesi ku Johannesburg kapena ku Lusaka. Ndi amai ogulitsa cimanga cooca m'mbali mwa mseu, mwana ali kumsana, pafupi ndi paipi ya utsi.

Maiko ena anaikapo lamulo. Ku California thiraki yaikulu siloledwa kulira pamalo amodzi kupitirira mphindi 5, ndipo kuyambira 2008 lamuloli likhudzanso mathiraki okhala ndi kama wogonapo dalaivala. Pamapepala n'cokoma, ndipo n'capafupi kunena kuti nafenso titengere. Koma tisanathamangire kulipiritsa, tifunse cifukwa cimene munthu wamkulu, wodziwa mtengo wa dizilo kuposa ife, amasiyira injini ikulira.

Pitani ku Chirundu mu October. Kutentha kwa m'cigwa ca Zambezi kumafika madigiri 40, ndipo m'mutu wa thiraki mumakhala ngati m'ng'anjo ya njerwa. Dalaivala akatsegula mawindo, udzudzu ulowa ndi malungo ake, nazo mbala zilowetsa dzanja. Akatseka, alibe mpweya. Catsala ndi kuliza injini kuti makina oziziritsa agwire nchito. Mu June pa zidikha za Kafue nkhani itembenuka, afuna kafundidwe. Palinso za makina zimene ife oyenda pa njinga sitiziganiza. Mabuleki a thiraki agwira nchito ndi mpweya, ndipo pa thiraki yakale mpweya umathawa injini ikazima, mabuleki n'kumanga. Mzere ukasuntha, iye ayenera kuyamba wadzaza mpweya, pamene anzake am'pitirira. Batire ikakhala yofooka, kuzima injini ndi kucita juga. Ndipo amene wangokwera mapiri a Kapiringozi ndi katundu wolemera ayenera kuisiya injini mphindi zingapo kuti izizire asanaizime.

Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Eni mathiraki anamva kupweteka kwa dizilo kale, ndipo ambiri anaika tumakina tolondola thiraki pa kompyuta, toonetsa pamene yaima ndi utali wa nthawi imene injini yalira. Kumeneko lamulo lozima injini lilipo kale, ndipo cilango cake ndi kudula malipiro. Sitikana kuti alipo madalaivala ogulitsa dizilo m'zigubu usiku, n'kunamizira mzere wa pa boda. Kuba ndi kuba, sitingakubatize dzina lina. Koma mwini amene aletsa injini osagula kacipangizo koziziritsa koyendera batire, kamene kagwira nchito injini ili cete, wapulumutsa dizilo wake ndi tulo ta wanchito wake. Dalaivala wosagona ndiye amene m'mawa apita pakati pa Kafue ndi matani 30 kumbuyo, ana a sukulu akuoloka mseu. Malemu Papa Francis, m'kalata yao ya Laudato Si' ya 2015, anaphunzitsa kuti kusamala cilengedwe ndi kucitira cilungamo osauka siziyenda padera. Mpweya wabwino wogulidwa ndi thukuta la munthu mmodzi wopanda mau suli cilungamo.

Gwero la vutoli ndi kuima kwa nthawi yaitali. Mu 2016 boma linaletsa mabasi ndi mathiraki kuyenda kuyambira 21:00 mpaka 05:00 pofuna kucepetsa ngozi. Colinga cinali cabwino, koma mathiraki anangodzaza m'mbali mwa mseu m'matauni ngati lathu, popanda malo okonzedwa oimikapo. Phunziro lake n'lakuti lamulo loimitsa thiraki liyenera kubwera ndi poiimika. Taonanso mbali ina: Chirundu inakhala boda yoima kamodzi mu 2009, yoyamba mu Africa, ndipo mlatho wa Kazungula unatsegulidwa mu May 2021, kuthetsa kudikira pantuni kwa masiku. Ola lililonse locotsedwa pa mzere lizima injini zambiri kuposa wapolisi aliyense wonyamula buku la faindi.

Ngati a RTSA ndi a ZEMA adzafuna kulemba lamulo, ife tikuti liyambire pa mwini thiraki. Thiraki ya maulendo atali isapatsidwe cilolezo ca pamseu ngati ilibe coziziritsa cosadalira injini, ndipo faindi ilembedwe m'dzina la kampani. Ikalembedwa m'dzina la dalaivala, tonse tidziwa kuti idzathera pa windo, ndalama itapindidwa mkati mwa laisensi. Pa masikelo ndi pa maboda, thiraki ipatsidwe nambala ndi nthawi yake, kuti munthu azime injini osaopa kulandidwa malo.

Nayo khonsolo ya Kafue ili ndi mbali yake. Malo oimikapo mathiraki kunja kwa misika ndi nyumba, okhala ndi mpanda, mlonda, madzi, zimbudzi ndi mitengo ya mthunzi, angalipiritse pa cipata n'kudzibweza okha. Amai athu ogulitsa nsomba za ku Chanyanya angapatsidwe mashedi mkati momwemo, kumbali imene mphepo icokera.