Tifinye tokha mandimu, shuga tiziyeza ndi dzanja lathu

Amalawi anzathu okhala muno mu Nairobi, palibe msonkhano wathu umene umatha popanda chakumwa chotsekemera pathebulo. Ambiri a ife tinakula botolo la Sobo likutuluka m'kabati pa Khirisimasi, pakabwera mlendo, kapena tikamapita kukazonda wodwala kuchipatala. Chizolowezi chosungunula sikwashi m'jagi tinabwera nacho kuno, ndipo ana athu achilandira ndi manja awiri. Lero tikufuna tikambirane za chakumwa cha mandimu, chifukwa dzina lakuti ndimu latipusitsa kwa nthawi yaitali kuti chilichonse chotchedwa dzinali n'chopatsa thanzi.

Anzathu okhala ku America amadziwa madzi a mandimu okhathamira amene amagulitsidwa ali oundana m'tizitini. Luso loumitsa madzi a zipatso motere linayambira ku Florida m'zaka za m'ma 1940, ndipo mwini khitchini amangothirako madzi, chakumwa n'kukhala chapsa. Koma kapu imodzi ya chakumwa chosungunulidwacho imakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 25. Chaka cha 2015, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti shuga wothira m'zakudya asafike pa gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza kuchokera m'zakudya patsiku. Kwa munthu wamkulu, amenewo ndi magalamu pafupifupi 50, kapena kuti masupuni aang'ono 12. Ndiye kuti makapu awiri okha amamaliza gawo la tsiku lonse, tisanawerengere tiyi wam'mawa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Masikwashi ambiri a m'masitolo a muno nawonso ali ndi madzi a chipatso ochepa, ndipo aliyense angadzionere yekha powerenga zolembedwa pabotolo.

Sitikunyoza ndimu ayi. Madzi ake, magalamu 100 aliwonse, amakhala ndi vitamini C pafupifupi mamiligalamu 40, chiwerengero chimene chikuyandikira zimene thupi la munthu wamkulu limafuna patsiku. Chaka cha 1747, dokotala wa ku Scotland, James Lind, anaonetsa kuti malalanje ndi mandimu amachiza chiseyeye chimene chinkapha amalinyero panyanja. Vitamini yemweyu amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba, nkhani yofunika kwa amayi oyembekezera ndi atsikana athu amene kuchepa kwa magazi kumawavutitsa. Vuto si ndimu, koma shuga amene amabisala kumbuyo kwake.

Maganizo athu ndi akuti banja lililonse lizidzikonzera lokha madzi a mandimu oundana, opanda shuga. Mandimu akachuluka ku Marikiti, ku City Park kapena ku Kangemi, mtengo umatsika, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yogula ambiri. Kumbukirani kuti m'Chiswahili mawu akuti ndimu amanena timandimu ting'onoting'ono tija, pamene akuluakulu amawatcha limau. Onsewo ndi abwino pa ntchitoyi. Atsukeni, afinyeni, sefani nthanga, ndipo thirani madziwo m'mbale zija zopangira ayezi. Akaundana, asungeni m'jumbo yomanga bwino m'chipinda choundanitsa cha firiji, momwe angakhale miyezi itatu osataya kukoma. Kuzizira kumasunga vitamini C, pamene moto ndi mpweya zimamuwononga. N'chifukwa chake ndimu amathiridwa ndiwo zitaphulidwa, osati zili pamoto.

Ntchito zake m'khitchini n'zambiri. Kachidutswa kamodzi kamachotsa fungo la nsomba ya ku Nyanja ya Victoria ija imene timaidya pokumbukira chambo. Kamakometsa kachumbari, saladi ya tomato ndi anyezi imene taphunzira kwa eni dziko. Kamadzutsa sukuma wiki ndi nyemba, moti mchere umachepa m'mbale, zimene ndi mwayi kwa amene akulimbana ndi kuthamanga kwa magazi. Mapeyala ndi nthochi zodula sizida msanga zikadonthezedwa madziwa. Ndipo tonse tawaona ogulitsa chimanga chootcha m'misewu ya muno akupaka ndimu ndi tsabola: palibe shuga pamenepo, koma anthu amaima pamzere. Pofuna chakumwa, sungunulani zidutswa zingapo m'jagi ya madzi, ndipo shuga muthire nokha ndi supuni, mukuwerenga.

Tikudziwa kuti ena anena kuti nthawi ilibe, ndi kuti magetsi amathimathima. Kufinya mandimu 20 ndi ntchito ya theka la ola, ndipo ana angathandize Loweruka masana. Magetsi akathima kwa maola ochepa, firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira kwake. Ena anena kuti ana sangamwe chowawasa. Lilime limaphunzira: chepetsani shuga pang'onopang'ono sabata ndi sabata, pakuti mtengo amauwongola uli waung'ono.

Tichenjezanenso pa mfundo ziwiri. Yoyamba, asidi wa m'ndimu amadya mano, choncho si bwino kumangopsontha chakumwachi tsiku lonse. Imwani pa nthawi ya chakudya, kenako muchukuche m'kamwa ndi madzi. Yachiwiri, ndimu ndi chakudya, si mankhwala a chilichonse. Chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utavuta, anthu muno anakhamukira ku chakumwa chotentha cha mandimu, jinja ndi uchi chimene amachitcha dawa, mpaka mandimu anakwera mtengo. Chakumwachi chimafewetsa pakhosi, koma sichipha kachilombo, ndiponso sichichiza matenda a shuga. Uchi nawo WHO imauwerengera m'gulu lomwelo la shuga woyenera kuchepetsa.

Pempho lathu likupita kwa amayi ndi abambo amene amakonza zakudya pa zochitika zathu. Pachikondwerero cha ufulu wa dziko lathu pa 6 Julaye, tiyeni pakhale jagi ya madzi a mandimu ofinya tokha pambali pa mabotolo aja, ndipo shuga akhale m'mbale yakeyake. Tinabwera kuno kudzagwira ntchito ndi kudzaphunzira, ndipo abale kumudzi akudikira kuti tidzabwerere tili ndi mphamvu.