Amene adayamba kubwezedwa pa ganyu

Pa 2 Epulo 2020 boma lidalengeza odwala oyamba a Covid-19 m'Malawi muno, ndipo maganyu adayamba kusowa. Kwa Kadewere ku Chiradzulu, munthu wodwala matenda a maganizo akatuluka m'chipatala cha ku Zomba amadalira kupalira nandolo kwa mnansi, kuumba njerwa kapena kunyamula katundu ku Limbe. Ndalama zitavuta, iyeyu ndiye adayamba kuuzidwa kuti "mubwere mawa." Popanda ya kabaza yokatengera mankhwala kuchipatala cha boma, amadukiza kumwa, matenda nkuyambiranso.

Mliri udapita, koma kodi mwamuitananso? A mfumu, a mpingo ndi eni minda, polemba aganyu dzinja lino musamudumphe. Mpatseni khasu ndi ndime yake, ndipo mumulipire ngati anzake.